Chivundikiro chachitsulo cha pansi pa galimoto: mafunso ndi mayankho

Kuno ku Kasungu mapikapu ndi maminibasi ambiri akuyenda ndi pansi pachiwiri, ena pachitatu, chifukwa pansi pomwe anabwera napo panadyeka kale ndi dzimbiri. Powotcherera pansi patsopanopo m'pamene eni ake amafunsa za bowo lofikira pa pampu ya mafuta, batire kapena giyabokosi, ndi chivundikiro chotsekapo. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe timamva kawirikawiri pa shedi yowotcherera.

Galimoto yanga yayenda zaka zonsezi popanda chivundikirocho. Chifunika chiyani lero?

Mwina chinalipo, inu simunachione. Kwezani mpando wakumbuyo wa Corolla kapena Vitz, mupeza kachivundikiro, ndipo pansi pake pali pampu ya petulo. Pa Hiace injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, n'chifukwa chake dalaivala amatukula mpando akafuna kuona oyilo. Pa Land Rover Defender batire imakhala pansi pa mpando. Opanga magalimoto anasiya mipata imeneyi dala kuti makaniko azifika msanga pa zinthu zomwe zimafa kawirikawiri.

Vuto limadza pomwe wowotcherera wayala chitsulo chimodzi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo n'kutseka zonse. Pamaoneka bwino ndithu, mwini wake amalipira akumwetulira. Tsiku lomwe pampu yafera ku Chamama kapena ku Chulu thanki ili yodzaza, makaniko amayenera kupopa mafuta onse, kumasula malamba a thanki n'kuitsitsa atagona pa fumbi. Ntchito yomwe ikanafuna sipanala ya 10 yokha imadya tsiku lathunthu. Mapikapu ambiri alibe mpata umenewu ngakhale ali atsopano, chifukwa thanki ili pansi pa bodi ya katundu, ndiye mumasankha kutsitsa thanki kapena kunyamula bodi yonse.

Ndingaboole paliponse pomwe ndafuna?

Ayi. Choyamba dziwani mtundu wa galimoto yanu. Hilux, Land Cruiser, Dyna ndi Canter zili ndi chassis payokha, bodi imangokhalapo pamwamba, choncho bowo la pansi silifooketsa msana wa galimoto. Probox, Sienta, Corolla ndi zinzake zotere zilibe chassis yapadera. Pansi pomwe mukupondapo ndi mbali ya mphamvu ya galimoto yonse, ndipo chilichonse chomwe mwadulapo muyenera kuchibwezera.

Pa mitundu yonse iwiri pali malo osakhudza: zitsulo zopingasa zomwe zili kunsi kwa pansi, zitsulo zazitali zoyenda m'mbali, komanso pafupi ndi mabawuti a mipando ndi a lamba wachitetezo. Pa ngozi, malo amenewa ndi omwe amagwira munthu kuti asaponyedwe. Ngati bowo lomwe mukufuna likudutsa pa chitsulo chopingasa, lichepetseni kapena lisunthireni pambali. Mabowo awiri aang'ono, lina uku lina uko, amaposa limodzi lalikulu lomwe ladula chitsulocho.

Bowolo likhale lalikulu bwanji?

Lokwana kutulutsa chinthucho ndi kulowetsa dzanja logwira sipanala, basi. Kumbukirani kuti pampu ya mu thanki imatuluka mopendekeka chifukwa ili ndi kamkono koyeza mafuta, komanso pamwamba pake pali mapaipi ndi pulagi ya mawaya zofunika kumasula. Yambani ndi katoni. Dulani bowo pa katoni, muyese ngati pampu ikudutsamo, kenako mujambulire pa chitsulo. Pofuna kudziwa malo enieni, yezani kunsi kuchokera pa bawuti yomwe ikuoneka mbali zonse ziwiri, ndipo mubwereze muyezo womwewo pamwamba.

Makona asakhale akuthwa. Ming'alu ya chitsulo chopyapyala imayambira pa kona yakuthwa, ndipo misewu yathu ya fumbi, yomwe imagwedeza galimoto ulendo wonse, imaikulitsa msanga. Boolani kaye makona anayiwo ndi chiboolero chachikulu kuti akhale obulungira, kenako mudule mizere yolumikiza mabowowo.

Achimwene, kutsitsa thanki n'kutaya nthawi. Simungangodula ndi grinder mosamala?

Apa sitinyengererana, bwana. Pamwamba pa thanki ya petulo sitidula ndi grinder ndipo sitiwotcherera thanki ilipo. Chomwe chimaphulika si madzi a petulo koma mpweya wake. Mpweyawo ndi wolemera kuposa womwe timapuma, umatsikira pansi n'kudikha m'malo obisika, ndipo kamoto kamodzi kothetheka kuchokera pa grinder n'kokwanira. Ena amati "thanki ndaikhuthula, mulibe kanthu." Thanki yopanda mafuta ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa mwadzaza mpweya wa petulo wosakanikirana ndi mpweya wamba. Kuphimba ndi chiguduli chonyowa sikuchotsa mpweya umenewo.

Palinso china. Pa magalimoto ena mpata wa pakati pa thanki ndi pansi ndi wongokwana chala, ndipo matanki ambiri a masiku ano ndi apulasitiki. Disiki ikangolowa pang'ono mopitirira, yadula kale. Dizilo sagwira moto msanga ngati petulo, koma akatenthedwa ndi moto wowotcherera naye amatulutsa mpweya woyaka, choncho thanki ya dizilo nayo imachotsedwa.

Ngati thanki sizingatheke kuitsitsa, njira yotsala ndi yopanda moto: kudula ndi sizasi ya malata, kuveka kapaipi pa chiboolero kuti chisalowe mopitirira mamilimita ochepa, ndi kumanga felemu yolimbitsa m'mphepete mwa bowo ndi ma rivet kapena mabawuti m'malo mowotcherera.

Thanki itachoka, yang'ananibe kunsi ndi tochi. Mapaipi a mabuleki ndi a mafuta, mawaya ndi chingwe cha handibuleki zimayenda motsamira pansi pomwepo. Chotsani kapeti, palani phula lomwe opanga anamata poletsa phokoso, masulani batire, ndipo chingwe cha earth cha makina owotcherera chigwire pafupi ndi pomwe mukuwotcherera kuti magetsi asadutse m'kompyuta ya galimoto. Mnyamata mmodzi akhale kunsi akuyang'ana, ndowa ya mchenga ili pambali.

Chitsulo chake chikhale chokhuthala bwanji?

Pansi pa galimoto yaing'ono yochokera ku fakitale ndi popyapyala kuposa momwe ambiri amaganizira: pakati pa mamilimita 0.8 ndi 1. Pamalimba chifukwa cha mizere ndi mapindo omwe anadindapo. Kachivundikiro kakang'ono kobisika pansi pa mpando, 1.2 ndi wokwanira. Pomwe anthu amaponda, monga m'kanjira ka minibasi, tengani 1.6. M'bodi ya pikapu yomwe imanyamula matumba a chimanga a makilogalamu 50 kapena mabelo a fodya opita ku Chinkhoma, yambirani pa 2, ndipo ngati bowo ndi lalikulu fikani pa 3.

Kukhuthala kukawirikiza kawiri, kuuma kwa chitsulo kumawirikiza kasanu ndi katatu. N'chifukwa chake kusiyana kwa 1.2 ndi 1.6 kumamveka pa phazi ngakhale pa maso kuli kochepa. Koma musathamangire chitsulo cha mamilimita 5 poganiza kuti mwathana nazo. Chivundikiro cholemera chomangidwa pa pansi popyapyala chimangong'amba m'mphepete mwa bowo galimoto ikamadumpha.

Malata ofolerera nyumba ayi. Ambiri safika theka la milimita, ndipo zinki yomwe amakutira imatulutsa utsi woyera powotcherera, womwe umadwalitsa mmisiri: mutu, kuphwanya m'thupi ndi kutentha thupi usiku wake. Chomwe timachikonda kwambiri ndi chidutswa chodulidwa pa galimoto yakufa ya mtundu womwewo, pa malo omwewo, chokulirapo pang'ono kuposa bowo. Mizere yake imagwirizana ndi ya pansi panu, ndipo chimakhala bwinobwino popanda kuchimenya.

Bwanji osangobwezera chidutswa chomwe mwadulacho?

Zimatheka, koma chidutswacho n'chaching'ono kuposa bowo, chifukwa disiki kapena sizasi yadya mbali ina. Chimafuna pokhalira. Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pomwe ambiri amadumpha.

Anthu akamva za chivundikiro cholimba amaganiza za chivundikirocho. Ife timayang'ana m'mphepete mwa bowo. Mukadula pansi, mwadula mizere yomwe inkalimbitsa malowo, ndipo m'mphepete motsalamo mumagwedera ngakhale ndi chala. Chofunika ndi felemu yozungulira bowo lonse, yowotcheredwa kunsi. Timaipanga ndi flat bar ya mamilimita 3 kukhuthala, yotambalala mamilimita 30 kapena 40. Theka lake limabisala kunsi kwa pansi n'kuwotcheredwa, theka linalo limatulukira mkati mwa bowo kukhala pokhalira chivundikiro ndi pogwira manati. Makona a felemuyo awotcheredwe onse kuti ikhale chinthu chimodzi. Tizidutswa tinayi tosalumikizana si felemu, chifukwa makona, pomwe ming'alu imayambira, amatsala opanda chowagwira. Bowo likakhala lalikulu, angle iron yaing'ono imaposa flat bar.

Njira yomangira felemu yomwe imakhalitsa ndi yoboola timabowo pa pansi, totalikirana masentimita 4 kapena 5, kupanikiza felemu ndi ma clamp, n'kudzaza timabowoto ndi moto. Umu ndi momwe timatsanzirira ma spot weld, timadontho towotcherera ta ku fakitale. Zikatere chivundikiro chimalowa m'malo mwake n'kulingana ndi pansi ponse, zomwe zimathandiza m'bodi ya katundu chifukwa thumba likamakokedwa silikodwa.

Njira yachidule ndi chivundikiro chokhala pamwamba, chopitirira bowo ndi mamilimita 20 kapena 25 mbali zonse. Pansi pa mpando palibe cholakwika ndi njirayi. Ngakhale apo felemu yakunsi ikufunikabe, poti manati sangagwire pa chitsulo cha milimita imodzi.

Makina athu ndi a ndodo. Kodi angawotcherere chitsulo chopyapyala chotere osaboola?

Makina a MIG, owotcherera ndi waya m'malo mwa ndodo, a waya wa mamilimita 0.6 kapena 0.8, ndiwo oyenera ntchitoyi, koma mashedi ambiri a m'tauni muno ndi a m'misika ya kumudzi ali ndi makina a ndodo okha, ena opangidwa pamanja. Zimatheka ndithu, bola kuleza mtima. Tengani ndodo za 6013 za mamilimita 2, kapena 2.5 ngati zinazo zasowa, mutsitse moto, ndipo muziyatsira pa flat bar yokhuthalayo n'kukankhira pang'ono ku chitsulo chopyapyala. Musayende mzere wautali. Dontho pano, dontho kutsidya, dikirani pazizire, mubwerenso. Mukafulumira pansi ponse pamapindika, ndipo chivundikiro sichidzakhalanso bwino ngakhale mumenye bwanji. Osathira madzi kuti pazizire msanga. Kachidutswa ka kopa kogwirizidwa kuseri kamamwa kutentha ndipo sikamamatira.

Wowotcherera ndi gasi amatha kuchita ntchito yaukhondo pa chitsulo chopyapyala, koma kutentha kwake kumafalikira patali, choncho kupindika kumachuluka.

Chivundikiro changa chimalira phophopho munthu akapondapo. Ndichite chiyani?

Chitsulo chafulati chimatero. Taonani lata lofolerera nyumba: likanakhala lafulati silikanatha kudzinyamula lokha pakati pa mitengo iwiri, koma mapindo aja amaliumitsa. Chivundikiro nacho chimafuna mizere. Opanda makina odindira mizere amaika ma flat bar awiri pa benchi, mpata pang'ono pakati, n'kuyala chitsulo pamwamba. Kenako amagoneka round bar ya mamilimita 8 kapena 10 molunjika mpatawo n'kuimenya ndi hamala kuchokera mbali ina kufika inzake. Mizere iwiri kapena itatu yakwana, ndipo ilekere patali pang'ono ndi m'mphepete kuti pogona mpira pakhale posalala. Ngati chivundikiro chinapangidwa kale, wotchererani ka angle iron kunsi kwake, mutayeza kuti sikakhudza pampu kapena mapaipi.

Masikuluwu oboola okha aja a malata sangagwire?

Amagwira tsiku loyamba. Mukamasula kawiri katatu bowo limakula, sikuluwu imangozungulira, ndipo mumayamba kuboola pena. Choopsa n'choti nsonga zake zimaloza pansi, komwe kuli thanki, mapaipi ndi mawaya.

Gwiritsani ntchito mabawuti a M6 ndi manati owotcheredwa kunsi kwa felemu. Mutu wa M6 umamasulidwa ndi sipanala ya 10, yomwe makaniko aliyense ali nayo, ngakhale wa pansi pa mtengo. Atalikirane masentimita 8 mpaka 10, ndipo pafupi ndi kona iliyonse pakhale imodzi. Akhale aafupi, ongotulukira pang'ono kunsi kwa nati. Poboola, panikizani chivundikiro ndi felemu pamodzi kuti mabowo alingane, ndipo dindani kachizindikiro kosonyeza mbali yakutsogolo. Powotcherera nati, lowetsanimo bawuti yakale kuti timadontho ta moto tisawononge mazinga.

Ma rivnut, manati ofinyidwa pa chitsulo ngati rivet, ndi abwino pomwe moto sungafike, koma akachita dzimbiri amayamba kuzungulira limodzi ndi bawuti, ndipo kuwachotsa n'kovuta. Kaya mwasankha ziti, pakani girizi pa mazinga musanamange. Chivundikiro chomwe chikukana kutseguka pakatha madzinja atatu sichisiyana ndi pansi powotcherera. M'kanjira ka minibasi ndi m'bodi ya katundu ikani mabawuti a mitu yobulungira kapena yolowa mkati, kuti asang'ambe matumba ndi mapazi a anthu.

Mahinjesi ndi loko timaika pokhapokha pamalo potsegulidwa pafupipafupi. Pa pampu, yomwe mwina mudzaiona kamodzi pa zaka zingapo, amangowonjezera phokoso.

Nanga fumbi ndi madzi?

Fumbi la mwezi wa Okutobala ndi matope a Januwale n'zosautsa, koma choopsa kwambiri ndi utsi wa ekizozi. Muli mpweya wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo kapena mtundu. Ukamalowa pang'onopang'ono, okwera kumbuyo amayamba kumva mutu ndi kuwodzera, ndipo aliyense amangoti ndi kutopa kwa ulendo. Choncho chivundikiro chimafuna mpira wozungulira m'mphepete monse.

Chubu chakale cha lole chimagwira ntchito bwino pa madzi ndi fumbi. Dulani chidutswa chimodzi chathunthu chokhala ndi bowo pakati, osati timizere tolumikiza, ndipo mabowo a mabawuti muboole ndi kapaipi konoledwa. Chubu chimafufuma chikakhudzana ndi petulo kapena oyilo, ndiye pamwamba pa giyabokosi yomwe imadontha funani mpira wopirira mafuta. Mpirawo umatidwe ku chivundikiro kokha. Mukamata mbali zonse ziwiri, potsegula mudzachita kutema ndi tchizulo. Silikoni yonunkha ngati viniga ija musaiike pa chitsulo, chifukwa asidi wake amayambitsa dzimbiri.

Ngati m'galimoto mukununkha petulo mutatha ntchito, musalimbane ndi chivundikiro. Mpira wa pa pampu penipeni kapena paipi ina ndiyo ikudontha, ndipo kutseka fungolo n'kubisa ngozi.

Dzimbiri tingalipewe bwanji?

Palani mpaka chitsulo chiwale, chotsani makoko onse a ndodo, pakani red oxide, penti yoyamba yoletsa dzimbiri, kenako penti yapamwamba. Mpata wa pakati pa felemu ndi pansi ndi womwe umasunga madzi, choncho umatidwe ndi seam sealer, phala lotsekera mipata ya zitsulo, kuzungulira konse, ndipo kunsi kupakidwe phula. Ena amangothira oyilo wakuda wochoka mu injini. Amathandiza kwa kanthawi, koma amagwira fumbi n'kuwononga mipira.

Mdani wamkulu wa mapikapu a kuno ndi feteleza. Thumba la Urea kapena NPK likabooka, timibulu timalowa m'mphepete mwa chivundikiro, timayamwa chinyezi n'kuyamba kudya chitsulo. Nyengo yonyamula feteleza ikatha, masulani chivundikiro, tsukani, muumitse n'kupakanso girizi.

Aluminiyamu ya timizere ija imaoneka bwino. Siingakhale?

Ingakhale, ndipo ndi yopepuka. Kuuma kwake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo, choncho pomwe mukanaika chitsulo cha 2, ikani aluminiyamu ya 3. Felemu ikhalebe yachitsulo poti ziwirizi siziwotchererana ndi ndodo wamba. Zikagundana pali chinyezi aluminiyamu imadyeka n'kutuluka ufa woyera, ndiye mpira ndi penti zikhale pakati. Pamwamba pa injini kapena pafupi ndi ekizozi ikani chitsulo: aluminiyamu imasungunuka pa madigiri 660, pomwe chitsulo chimafika cha m'ma 1,500, ndipo moto ukabuka kusiyana kumeneku ndi komwe kumapatsa anthu mpata wotuluka. Thabwa kapena plywood, zomwe timaziona m'maminibasi ena, zimamwa madzi ndi oyilo ndipo zimayaka.

Batire ndikufuna ikhale pansi. Pali chosiyana?

Zilipo ziwiri. Chivundikiro chachitsulo chikakhudza mitu iwiri ya batire ndi moto nthawi yomweyo, choncho siyani mpata wokwanira, matani mpira kunsi kwa chivundikiro, ndipo batire imangidwe kuti isadumphe. Chachiwiri, batire ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen, womwe umayaka. Bokosi lake likhale ndi potulukira mpweya kunja kwa galimoto, osati mkati momwe muli anthu.

A Road Traffic sadzandivuta pa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu?

Oyeza galimoto amayang'ana ngati bodi ili yolimba ndi yotetezeka. Chivundikiro chomangidwa bwino, chopakidwa penti, chimaoneka ngati cha ku fakitale, pomwe lata lomangidwa ndi waya limadziitanira mafunso lokha. Musadule, kuwotcherera kapena kupala pomwe padindidwa nambala ya chassis. Pa magalimoto ena nambalayo ili pansi pomwepo, pafupi ndi mpando wakutsogolo, choncho ipezeni musanayambe. Ngati ntchito yanu ikukhudza chassis kapena malo a mipando, kafunseni ku ofesi yawo musanadule.

Ndisanalipire, ndione chiyani?

Musayang'ane pamwamba pokha, poti penti imabisa zambiri. Pemphani sipanala mumasule nokha mabawuti onse. Bawuti iliyonse ituluke popanda kulimbana nayo, ndipo chivundikiro chinyamuke ndi dzanja. Yendetsani chala m'mphepete mwa bowo, pasakhale pocheka, chifukwa mmenemo mudzadutsa dzanja la makaniko ndi mawaya a pampu. Suzumirani kunsi muone ngati felemu yazungulira konse ndi makona olumikizidwa, komanso ngati palibe bawuti yomwe yayandikira thanki kapena paipi. Uzani mmisiri atulutse pampu kapena batire kudzera pa bowolo inu mukuona.

Mukamanganso, imani pa chivundikiro ndi phazi limodzi, chisalire ndipo chisabonthoke. Thirani madzi kunsi ndi paipi wina akuyang'ana mkati. Kukada, ikani tochi yoyaka pansi pa galimoto n'kuzimitsa magetsi a mkati: pomwe kuwala kukutulukira, utsi ndi fumbi zidzalowanso pomwepo. Mukayenda ulendo woyamba wa msewu wa fumbi, monga wopita ku Lifupa, kwezani kapeti muone ngati pali kamzere ka dothi m'mphepete, ndipo mukungenso mabawuti, chifukwa mpira watsopano umaphwa pang'ono ukapanikizidwa.